Vakyumu yanga ikukuwa kwambiri koma sikunyamula fumbi, vuto n'chiyani?

Mayi_wa_Atatu
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo ndisanataye chinthu chomwe mwina sichinafe. Ndili ndi vakyumu ya thumba, ija yokhala ndi matayala yomwe umaikoka kumbuyo, ndipo ndakhala nayo zaka zitatu popanda vuto. Sabata ino yayamba zachilendo. Ndikangoyatsa ikumakuwa mokweza kuposa kale, mawu ake asanduka opyapyala ngati likhweru, koma ndikaika pa kapeti ngakhale kaulusi sikakunyamuka. Pakatha mphindi ngati 10 ikumazima yokha, ndipo pamwamba pake pamakhala potentha moti dzanja silikhalapo. Ndikaisiya ola limodzi ikumayakanso, kenako n'kuchita zomwezo. Chikundisokoneza n'chakuti ngati mota yafooka, bwanji ikulira mwamphamvu chonchi? Thumba ndinasintha mwezi watha.

Phwiti
Mota yapita imeneyo mayi. Funani ina basi.

Wamawaya
Ayi a Phwiti, musawathamangitse mayiwa. Safunsa adadya phula, achita bwino kubwera nazo pano. Mota yomwe ikufa imanunkha ngati waya wopserera, imathetheka moto wambiri mkati, ndipo mawu ake amakhala okhadzula, ena n'kumadukiza. Zomwe akufotokoza mayiwa ndi mota yamoyo imene yatsekedwa pakhosi. Penapake m'njira ya mpweya mwatsekeka.

Mayi, tayesani izi kuti mumve nokha. Tengani vakyumu iliyonse yabwinobwino, muiyatse, kenako mutseke kukamwa kwa paipi ndi chikhatho. Mumva mawu akukwera nthawi yomweyo. Anthu ambiri amaganiza kuti pamenepo mota ikulimbana ndi ntchito yolemera, koma zoona zake n'zakuti ntchito yaichepera. Ntchito ya mota ndi kuzunguza fani, ndipo ntchito ya fani ndi kukankha mpweya. Mukatseka polowera, fani imasowa mpweya woti ikankhe, ndiye imangozungulira mopepuka n'kuthamanga kwambiri. Kuthamangako ndi kumene kumatulutsa likhweru mukumvalo. Ngakhale magetsi imene imadya panthawiyo amatsika.

Mayi_wa_Atatu
Zikomo bambo. Koma ngati ntchito yaichepera, nanga kutenthaku kukuchokera kuti?

Wamawaya
Funso labwino. Mavakyumu ambiri a m'nyumba anapangidwa moti mpweya womwewo umene wabweretsa fumbi, ukasiya fumbilo m'thumba ndi kudutsa mu fyuluta, umapitirira kudutsa pa mota n'kuiziziritsa usanatuluke kunja. N'chifukwa chake mpweya wotuluka kumbuyo umakhala wofunda. Tsono njira ikatsekeka, mota imakhala ikuthamanga maulendo oposa 20,000 pa mphindi popanda kamphepo kalikonse koipepesa. Imatentha msanga. Mkati muli kachipangizo koteteza komwe kamadula magetsi kutentha kukafika pamlingo woopsa, ndipo kakazizira kamalumikizanso. Kuzima ndi kuyakanso mukunenako ndi kachipangizoko kakupulumutsa mota yanu. Chonde musapitirize kuiyatsa chonchi, chifukwa tsiku lina mawaya a mkati adzapsa zenizeni, ndipo pamenepo mawu a a Phwiti adzakhala oona.

Phwiti
Ndamva. Ndinafulumira kuyankha, pepani mayi.

Kadzidzi_wa_Usiku
Ine ndikufuna kumvetsa chinthu chimodzi chomwe chakhala chikundivuta. Timati makinawa amayamwa fumbi. Kodi kwenikweni chimene chimakoka fumbilo n'chiyani? Maginito mulibe, chingwe mulibe, nanga kamchenga kali pansi kamadziwa bwanji kuti kakwere m'paipi?

Mphunzitsi_Wopuma
Mwafunsa pamene pagona nkhani yonse, mwanawe. Palibe chimene chimakoka. Fumbi limachita kukankhidwa.

Tonsefe tikukhala pansi pa nyanja ya mpweya, ndipo mpweyawo uli ndi kulemera. Pamalo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere, mpweya umapanikiza chinthu chilichonse ndi mphamvu pafupifupi kilogalamu imodzi pa kabokosi ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Pa muyezo wawo wa pulesha, asayansi amati ndi makilopasiko 101. Sitimva kulemerako chifukwa kumatipanikiza mbali zonse mofanana, kunja ndi mkati momwe.

Fani ya vakyumu ikamazungulira, imaponyera mpweya wa mkati kunja kudzera kumbuyo. Mkatimo pulesha imatsika. Mpweya wa m'chipinda, umene pulesha yake ikadali yokwera, umathamangira kukadzaza malo aperewerawo, ndipo khomo lokhalo lomwe uli nalo ndi kukamwa kwa paipi. Pothamangapo umanyamula chilichonse chopepuka chomwe wachipeza panjira, monga momwe madzi osefukira amakokololera zinyalala. Vakyumu yabwino ya m'nyumba imatsitsa pulesha ndi makilopasiko pafupifupi 20 okha, gawo limodzi mwa magawo asanu. Dzina lakelo limanena za malo opanda mpweya n'komwe, koma mkati mwake mpweya umakhalamo wambiri ndithu.

Kalulu22
Aphunzitsi, kukoka kapena kukankha si chimodzimodzi? Bola fumbi lalowa.

Mphunzitsi_Wopuma
Pa kusesa n'chimodzimodzi, koma pa kumvetsa vuto la mayiwa si chimodzimodzi. Mukaganiza kuti makina amakoka, mudzayang'ana mphamvu ya mota yokha. Mukadziwa kuti wonyamula fumbi ndi mpweya woyenda, mudzayamba kufunsa kuti kodi mpweyawo ukuyenda? Vakyumu yotsekeka imatha kumata chikhatho chanu mwamphamvu ngati mwaika dzanja chapafupi ndi mota, koma kumapeto kwa paipi osanyamula kanthu. Pulesha yotsika ilipo, mtsinje wa mpweya ndi umene palibe. Ndipo mutapita nayo kumwezi kumene kulibe mpweya, mota ingazungulire bwanji, kafumbi ndi kamodzi komwe sikangasunthe.

Kalulu22
Apo ndagwira. Ndiye n'chifukwa chake kamutu kopyapyala kaja kolowetsa m'makona kamanyamula ndi timiyala tomwe?

Mphunzitsi_Wopuma
Eya. Mpweya ukamadutsa pakhomo laling'ono umathamanga kwambiri, ngati madzi a m'paipi mukatsina kumapeto ndi chala. Liwirolo ndi limene limadzutsa zinthu zolemera. Koma kamutuko kamasesa kamzere kochepa, n'chifukwa chake pa chipinda chonse timabwerera ku mutu waukulu.

Wamawaya
Tibwerere kwa mayi athu. Chitani motere, mwazimitsa ndi kuzula pulagi kaye. Chotsani paipi yonse pa makina, muiimike chowongoka, muponyemo ndalama yachitsulo kumtunda. Ikatulukira pansi, paipi ili bwino. Ikakakamira, mwapeza wakuba. Malo amene amakonda kutsekeka ndi pa chigongono pafupi ndi chogwirira, ndi pakhosi pa mutu wosesera pamene pamapindika. Potokosa musagwiritse waya wosongoka, mudzaboola paipi. Mpini wa tsache umakwana, mukankhe pang'onopang'ono.

Kenako tsegulani pa thumba. Kumbuyo kwake kuli fyuluta yaing'ono yoteteza mota, nthawi zambiri kachinkhupule kapena kansalu kokhuthala. Ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Pali inanso potulukira mpweya. Zonse ziwiri muzione.

Namzeze
Ndiwonjezereko pa thumba. Mayi mwati munasintha mwezi watha, koma thumba silidikira kudzaza kuti litsekeke. Thumba lenilenilo ndi sefa. Lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso tomwe mpweya umatulukira, fumbi n'kutsala. Ine ndinaphunzira movutikira. Tinaboola khoma pokhoma mashelefu, ndipo ndinasesa fumbi la simenti lija ndi vakyumu. Thumba linali latsopano, fumbilo silinakwane ngakhale kapu imodzi, koma tsiku lomwelo mphamvu inatha. Nditalitulutsa linali lopepuka, koma mkati mwake monse munali mutamatika zoyera ngati mwapakidwa laimu, ndipo ndikalikanikiza mpweya sunkatuluka. Kodi simunasese zotere, kapena phulusa, kapena paudala?

Mayi_wa_Atatu
Simenti ayi asisi. Koma mwandikumbutsa kanthu. Masabata awiri apitawo mwana wanga wamkulu anatsuka kachinkhupule kaja a Wamawaya akunena, ati kanada kwambiri. Sindikudziwa ngati anadikira kuti kaume.

Wamawaya
Apo pali fungo la nkhani. Fyuluta yonyowa ikakumana ndi fumbi imapanga matope, matopewo akauma amakhala ngati chikhoma. Fyuluta yotsukidwa iyenera kuuma maola osachepera 24, ndipo muziitsuka ndi madzi okha. Komanso si fyuluta iliyonse yotsuka. Ya pepala lopindapinda ikanyowa yatha ntchito, pokhapokha ngati opanga analemba kuti ndi yotsuka.

Tsache_Langa
Ine ndikuwerenga zonsezi ndipo ndikuona kuti mukudzivutitsa. Tsache ndi chikolopa sizizima, sizitentha, sizifuna fyuluta. Nyumba yanga ndi yoyera popanda phokoso lonseli.

Nachifuwa
Achimwene, pa simenti kapena matailosi sinditsutsa, chikolopa chonyowa chimagwira fumbi bwino kwambiri. Koma musanene motero kwa munthu amene ali ndi mwana wa mphumu komanso kapeti m'nyumba. Mwana wanga wamkazi ankati ndikasesa ndi tsache, usiku umenewo sitigona. Muime pawindo m'mawa dzuwa likulowa, wina azisesa, muone utsi wa fumbi ukuvina m'kuwalako. Tsache limatola zikuluzikulu, zing'onozing'ono limaziulutsa, ndipo zimayandama nthawi yaitali zisanatere pabedi ndi pamipando. M'kapeti ndi m'matiresi mumakhalanso tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso tomwe timadya tizikhungu tomwe timayoyoka m'matupi mwathu. Zitosi za tizilomboti ndi zimene zimadzutsa chifuwa kwa anthu ambiri. Tsache silifika kumeneko.

Tsache_Langa
Pepani mayi, za mwana sindinaziganizire. Koma ndinaonapo vakyumu ikutulutsa fumbi kumbuyo, chipinda chonse n'kununkha. Ndiye kusiyana kwake kuli pati?

Nachifuwa
Pamenepo mukunena zoona, ndipo ndi chinthu chomwe ogula ambiri sachiyang'ana. Mpweya wonse wolowa kutsogolo uyenera kutuluka kumbuyo. Ngati sefa zake ndi zosalimba, makinawo amangotola fumbi pansi n'kulimwaza m'mwamba, zomwe kwa mwana wanga n'zoipa kuposa kusasesa. N'chifukwa chake ndinafunafuna ya fyuluta ya HEPA. Pa muyezo wa ku America, fyuluta imatchedwa HEPA ikamagwira 99.97 peresenti ya tinthu tokula ma micrometre 0.3. Kuti muone kuchepa kwake, tsitsi la munthu limanenepa ma micrometre pakati pa 50 ndi 100.

Koma chenjerani. Fyuluta ikhoza kukhala yabwino, koma ngati bokosi la makina lili ndi mipata, kapena labala wozungulira fyulutayo watha, mpweya wafumbi umangoilambalala. Mpweya umasankha njira yosavuta nthawi zonse. Ine ndimayesa chonchi: ndimazimitsa nyali usiku, ndimayatsa tochi kumbuyo kwa makina akugwira ntchito, ndikuyang'ana ngati m'kuwalamo mukutuluka fumbi.

Kadzidzi_wa_Usiku
Ndiye tinthu tochepa kuposa 0.3 timadutsa tonse?

Mphunzitsi_Wopuma
Ayi, ndipo apa ndi pamene pamandisangalatsa. Fyuluta ya HEPA sili ngati sefa ya mabowo ofanana. Ndi chiunjikano cha timaulusi topingasana mosalongosoka, ngati nkhalango yowirira. Tinthu tikuluikulu timalephera kukhota pamodzi ndi mpweya, ndiye timagunda ulusi n'kumatirira. Tinthu tating'onoting'ono kwambiri sitiyenda mowongoka, timagundidwagundidwa ndi mpweya womwewo n'kumadzandira uku ndi uku, mpaka timakhudza ulusi n'kukodwa. Ovuta kugwira ndi apakatikati, amene ndi opepuka mokwana kukhota ndi mpweya koma olemera moti sadzandira kwambiri. Amenewo ali cha pafupi ndi 0.3, n'chifukwa chake amayesera pamenepo. Amayesa fyuluta pamalo pamene ili yofooka.

Gogo_Chete
Ana inu mukuti vakyumu, ife tinakula tikuti huva. Ndi chinthu chimodzi kodi?

Wokonda_Zakale
Ndi chimodzi agogo. Hoover ndi dzina la kampani, koma linatchuka mpaka ku Britain anthu amatcha makina aliwonse otere ndi dzinalo. Chodabwitsa n'chakuti amene anapanga makinawo sanali Hoover. Anali James Murray Spangler, bambo wogwira ntchito yosesa m'sitolo ina ku Canton, m'chigawo cha Ohio ku America. Anali ndi mphumu, ndipo fumbi la m'makapeti limene ankasesa linkamudwalitsa. Mu 1907 analumikiza mota yaing'ono, fani, bokosi, mpini wa tsache ndi nsalu ya pilo yoti izigwira fumbi. Mu 1908 analandira chiphaso cha umwini wa luso lakelo, koma analibe ndalama zopangira ambiri, ndiye anagulitsa kwa William Henry Hoover, yemwe mkazi wake anali wachibale wa Spangler. Mayi Nachifuwa, mukuona kuti makinawa anabadwa chifukwa cha chifuwa ngati cha mwana wanu.

Namzeze
Ine ndinamva kuti woyamba anali Mngelezi.

Wokonda_Zakale
Zoonanso asisi, zimatengera kuti mukunena makina otani. Mu 1901 injiniya wina wa ku London, Hubert Cecil Booth, anaona chionetsero cha makina oyeretsa pouzira mpweya, fumbi n'kumangouluka. Iye anaganiza kuti bwanji osaliyamwa. Anayala kansalu ka m'manja pa mpando, n'kuikapo pakamwa n'kukoka mpweya, ndipo atatembenuza kansaluko anapeza kada ndi fumbi. Makina amene anapanga anali aakulu moti ankakokedwa ndi akavalo. Ankaima pamsewu, mapaipi aatali n'kulowetsedwa m'nyumba kudzera m'mawindo. Mu 1902 anayeretsa kapeti ya m'tchalitchi cha Westminster Abbey pokonzekera mwambo woveka ufumu Edward VII. Booth anayamba, koma wa Spangler ndi amene munthu mmodzi akanatha kuukankha m'chipinda.

Woyang'anira_Gulu
Mbiri ndi yokoma abale, koma mayi athu vakyumu yawo sinachire. Tisawaiwale.

Kalulu22
Podikira kuti ayese, ine ndili ndi funso la kugula. Wogulitsa wina anandiuza kuti ndizingoyang'ana mawati, ya 2000 ndi yamphamvu kuwirikiza kawiri kuposa ya 1000. Ndi zoona?

Wamawaya
Si zoona. Nambala imeneyo ikunena magetsi amene mota ikudya. Sikunena kuchuluka kwa mpweya umene ukudutsa pa mutu wosesera. Gawo lalikulu la magetsiwo limatha kusanduka kutentha ndi phokoso. Mayiko a European Union analetsa kugulitsa mavakyumu a m'nyumba opitirira mawati 1600 kuyambira mu September 2014, ndipo mu September 2017 anatsitsa malirewo kufika pa 900. Opanga anakakamizika kukonza kapangidwe ka fani, njira za mpweya ndi mitu yosesera, ndipo makina a mawati 700 kapena 800 akusesa bwinobwino. Ndatsegulapo makina a mawati ambiri omwe malumikizidwe a paipi yake ankadontha mpweya paliponse. Mphamvu yonseyo inkathera kuyamwa mpweya wa m'mbali, pansi osafika.

Bambo_Chikonga
Ine apo ndikutsutsani pang'ono achimwene. Ndinali ndi yakale ya mawati 2000, inkanyamula kapeti yeniyeniyo m'mwamba. Yatsopano yomwe ndili nayo siichita zimenezo. Musandiuze kuti n'zofanana.

Wamawaya
Sindikukana kuti mota yaikulu yopangidwa bwino imaposa yaing'ono yopangidwa bwino. Ndikukana zoti nambala yokhayo ikuuzeni zonse. Komanso kunyamula kapeti si kuyeretsa. Mutu ukamatirira pa kapeti mpaka osasuntha, mpweya wasiya kuyenda, ndipo tabwereranso pa zomwe aphunzitsi anena. N'chifukwa chake pa chogwirira pali kazenera kotsegula. Anakaikapo dala kuti muzilowetsa mpweya pang'ono pamene mutu wamatirira pa katani kapena pa kapeti yopepuka.

Bambo_Chikonga
Kazenera kameneko ine ndinakamata ndi tepi, ndinkayesa n'kowonongeka. Ndikamatula. Koma pa za yakale ija maganizo anga sanasinthe.

Namzeze
Pa kapeti chimene chimagwira ntchito yaikulu ndi bulashi yozungulira ija ya pansi pa mutu. Mchenga umalowa pansi pa ubweya wa kapeti, ndipo mpweya wokha suutulutsa. Bulashi imamenya ndi kupesa ubweyawo, mchenga n'kudumpha, mpweya n'kuuwakha. Amene muli ndi tsitsi lalitali m'nyumba, tembenuzani mutuwo muone. Ine mwezi uliwonse ndimadula tsitsi ndi ulusi zomwe zakulungika pa bulashi ndi sizasi, motsata kamzere kake. Mukazisiya zimamanga bulashi mpaka kuima, lamba woizunguza n'kumapalasa pamalo amodzi, ndiye mumamva fungo la labala wopsa. Lamba akaduka makina amalirabe bwinobwino, inu n'kumadabwa kuti kapeti siyikuyera.

Mtsikana_wa_Lero
Mavuto a matumbawa ine ndinathana nawo. Ndinagula yopanda thumba, fumbi ndimaliona likuzungulira m'kabotolo, kakadzaza ndimakhuthula. Koma sindimvetsa kuti popanda thumba fumbi limasiyana bwanji ndi mpweya.

Mphunzitsi_Wopuma
Munaonapo kamvuluvulu? Mpweya wafumbi umalowetsedwa cham'mbali mwa kabotoloko, osati pakati, ndiye umakakamizika kuzungulira mothamanga. Fumbi ndi lolemera kuposa mpweya, choncho pozungulirapo limaponyedwa kukhoma, limataya liwiro n'kutsetserekera pansi. Mpweya wopepukidwa umakwera kudzera pakati n'kupita. Makina ambiri ali ndi kamvuluvulu wamkulu wogwira zinyalala ndi tsitsi, kenako timvuluvulu tating'ono tambiri pamwamba. Tating'onoto timazunguza mpweya mothamanga kwambiri, ndiye timagwira fumbi losalala lija.

Wokonda_Zakale
Nzeru imeneyi mafakitale anali nayo kale. James Dyson anaiona pamalo ochekera matabwa, pamene chimphona cha kamvuluvulu chinkachotsa utuchi mu mpweya, pa nthawi imene iye ankanyansidwa ndi vakyumu yake yomwe thumba linkatsekeka msanga. Anapanga makina oyesera 5,127 asanakhutire. Makampani akuluakulu anamukana, ndipo makina ake anayamba kugulitsidwa ku Japan. Ku Britain anatulutsa vakyumu yake yotchedwa DC01 mu 1993.

Nachifuwa
Achemwali, yopanda thumba ndi yabwino, koma nenaninso za pokhuthula. Mukatsegula kabotoloko fumbi limakubwererani kumaso. Kwa ine thumba ndi lomwe limandithandiza, ndimalitseka pakamwa n'kulitaya osaona zamkati. Ngati muli ndi yopanda thumba ndipo m'nyumba muli wachifuwa, kakhuthulireni panja, mkati mwa pepala la pulasitiki.

Mtsikana_wa_Lero
Zoona mayi, ndimayetsemula nthawi zonse ndikamakhuthula. Ndipo fyuluta ilimo ndithu, ndimaitsukanso. Ndinkayesa ndathawa zonse.

Kalulu22
Nanga madzi akatayika pansi, ndingayamwe nayo?

Wamawaya
Ayi, ndipo apa ndikunena mwamphamvu. Kumbukirani kuti mpweya wa vakyumu wamba umadutsa pa mota. Madzi akafika pamenepo ndi shoti, ndipo mukhoza kugwidwa ndi magetsi. Zilipo zopangidwira madzi, zija zooneka ngati ndowa. Mwa izo mota imaziziritsidwa ndi mpweya wake wapadera wosakumana ndi wonyowawo, ndipo mkati muli kampira koyandama komwe kamatseka khomo madzi akadzaza. Chinanso choopsa ndi phulusa lomwe mukuganiza kuti lazima, kapena kachidutswa ka ndudu. Kakhala kamoto kakalowa m'thumba lodzaza tsitsi ndi fumbi louma, mphepo n'kumakapemerera, mwayatsa moto ndi manja anu. Petulo kapena chilichonse chosachedwa kuyaka musayese n'komwe, chifukwa mota zamtunduwu zili ndi timabulashi ta kaboni tomwe timathetheka pang'ono nthawi zonse zikamazungulira.

Kadzidzi_wa_Usiku
Timabulashi timeneti timatha?

Wamawaya
Timatha, chifukwa timakhuzana ndi gawo lozungulira la mota. Patatha zaka timafupika, mota n'kuyamba kudukiza kapena kukana kuyaka. Pa makina ambiri timasinthika, si chifukwa chotayira vakyumu yonse. Za batire zambiri zamakono zili ndi mota zopanda timabulashi, zazing'ono koma zothamanga kwambiri, zina kupitirira maulendo 100,000 pa mphindi. Kwa izo chimene chimayamba kufooka ndi batire.

Gogo_Chete
Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni kena kozungulira ngati mbale, kakuyenda kokha m'nyumba. Kameneko kamayeretsadi?

Mtsikana_wa_Lero
Kamayeretsa agogo, koma mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi yaikulu. Kamadalira timabulashi take ndi kubwerezabwereza tsiku ndi tsiku. Pansi pake pali timaso toona ngati kafika pamphepete pa masitepe, ndipo batire ikatsika kamabwerera kokha pa chaja. Kampani ya Electrolux inatulutsa kake kotchedwa Trilobite mu 2001, ka kampani ina kotchedwa Roomba n'kubwera mu 2002. Pansi posalala kamachita bwino, pa kapeti yokhuthala kamavutika, ndipo zingwe zosiyidwa pansi kamazimeza n'kukodwa.

Mayi_wa_Atatu
Abale ndabwerako. Ndinazula pulagi, ndinachotsa paipi, ndinaponyamo ndalama. Sinatuluke. Ndikagwedeza ndinkaimva ikulira cha pa chigongono paja a Wamawaya ananena. Ndinakankha ndi mpini wa tsache kuchokera mbali inayo, ndipo kunatuluka kasokosi ka mwana wanga wamng'ono, kofiira, komwe ndakhala ndikukafuna masiku onsewa. Kanali katakulungana ndi tsitsi ndi fumbi mpaka kuuma gwa ngati chitsekerero cha botolo. Kachinkhupule kaja nakonso ndinakapeza kali kolimba, mbali imodzi yotuwa ngati dothi louma, ndipo nditakaika pakamwa n'kuuzira, mpweya sunkadutsa. Ndakatsuka ndi madzi okha mpaka madziwo ayera, ndakayanika.

Ndinafuna kuyesa makina popanda kachinkhupuleko kwa kanthawi kochepa, koma ndaopa. Ndingatero?

Wamawaya
Musatero mayi. Popanda iko, chilichonse chopulumuka m'thumba chipita molunjika mu fani ndi mota. Dikirani mpaka mawa madzulo, mukafinye ndi kansalu koyera, kansaluko kakatuluka kouma ndiye mubwezeretse. Muonenso fyuluta ya potulukira mpweya, ngati ndi ya pepala ndipo yada, imeneyo ndi yosintha.

Mayi_wa_Atatu
Usiku wabwino nonse. Kachinkhupule kanauma, ndabwezeretsa. Likhweru lija latha, ikulira ndi mawu ake akale okhuthala. Ndasesa pabalaza ndi zipinda ziwiri, pafupifupi mphindi 30, sinazime ndipo pamwamba pake pangofunda pang'ono. Fyuluta ya kumbuyo ndi ya pepala ndipo yadadi, ndalemba nambala yake kuti ndifunefune ina. Asisi a Namzeze, ndinatembenuzanso mutu uja. Tsitsi lomwe ndadulamo ladzaza chikhatho.

Namzeze
Mwachita bwino mayi. Muonenso kumapeto kwenikweni kwa bulashi, mbali zonse ziwiri pamene imazungulirira. Tsitsi lina limabisala pamenepo, ndipo sizasi siifikapo pokhapokha mutaichotsa bulashiyo.